Funsani Malume: Kodi pa Dowa ndi tauni kapena ndi pamudzi chabe?

FUNSO

Malume moni. Pepani Chichewa changa ndi cha pa Mufakose, mukaona Chishona chalowa penapake musandiseke. Ine ndinabadwira konkuno ku Harare, bambo anganso chimodzimodzi, koma agogo aamuna anachokera ku Dowa, anabwera nthawi ya chitaganya kudzafuna ntchito ndipo sanabwerereko mpaka anatisiya. Ali moyo ankakonda kunena kuti pa Dowa ndi pa boma, pamalo paulemu, pali DC, pali khoti, pali chipatala, munthu sumangofikapo ndi zovala zakumunda. Nde mwezi watha tinali pa maliro kuno, usiku tikuotha moto panja, mdala wina wa ku Dedza anayamba kundiseka pagulu kuti kwanu ku Dowa kulibe tauni, akuti munthu ukayetsemula uli mu minibasi potsegula maso wadutsa kale. Anthu anaseka, ine zinandiwawa, ndinatulutsa foni kuti ndimutsutse koma intaneti inandisokonezanso, pena akuti ku Dowa kuli anthu 7,000 pena akuti oposa 700,000. Zoona ndi ziti Malume? Agogo ankatinamiza? Ndikufuna ndipiteko December ndi ana anga akaone kwawo.

Mdzukulu wa mtchona, Mufakose

YANKHO

Mphwanga, Chichewa chako chili bwino, pali ena obadwira ku Lilongwe amene salemba chonchi. Agogo ako sananame, koma mdala wa ku Dedza uja nayenso sananame kwenikweni, anangothira tsabola wambiri. Ndipo manambala awiri onsewo ndi oona.

Chakusokoneza ndi liwu loti boma. Ife liwu limeneli timalisenzetsa katundu wambiri, boma ndi olamula dziko, boma ndi dera lonse lomwe lili pansi pa DC mmodzi, komanso pa boma ndi pakatauni paja pali maofesi a DC. Nde ukamva kuti boma la Dowa, kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 772,000 m'dera lonselo, kuyambira ku Madisi ndi Mponela mpaka ku Mvera kotsetserekera ku Salima. Koma ukamva kuti pa boma pa Dowa, pakatauni penipenipo, anthu anali ongopitirira pang'ono 7,000. Tangoganiza, National Sports Stadium yathu ija ya kuno ku Harare imalowa anthu 60,000, ndekuti anthu onse a pa Dowa boma, makanda ndi nkhalamba zomwe, utawatenga n'kuwakhazika mmenemo sangadzaze ngakhale mbali imodzi. Pa anthu 100 alionse a m'boma la Dowa, wokhala pa boma sakwana ndi mmodzi yemwe. Ambiri mwa otsalawo ali m'midzi, akulima.

Pena udzamva anthu ophunzira akunena kuti liwu la boma ndi chidule cha mawu achingerezi a atsamunda, ine zimenezo ndimazikana, liwuli lilipo m'Chiswahili kuyambira kale ndipo limatanthauza linga kapena khola lotchingidwa. Atsamunda analipeza, anamanga timaofesi tawo totchinga, dzina n'kukakamira.

Ine ndinafikako koyamba mwezi wa June, ndinachita kulakwitsa kuvala shati yokha poti ndimati Malawi ndi dziko lotentha. Pa Dowa ndi pamapiri mphwanga, mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Nditatsika ndinaona chiwaya cha tchipisi, tima golosale tingapo, anyamata a kabaza atakhala pa njinga zawo manja ali m'khwapa, mbuzi ikudya makoko a nthochi pambali pa msewu. Ndinafunsa mnyamata wina kuti andiperekeze m'tauni, anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa nkuti bambo, mwaima m'tauni momwemo. Ndinaseka ndekha. Koma nditayenda pang'ono ndinaziona zomwe agogo ako ankanena zija, maofesi a khonsolo, polisi, khoti, chipatala cha boma, nyumba zakale za njerwa za ogwira ntchito m'boma. Kwa mnyamata wa zaka za m'ma 1950 wochokera kumudzi kwa nyumba zaudzu, amene anayenda wapansi tsiku lathunthu kudzadinditsa chitupa choti apite ku Salisbury (Harare ya lero), pamenepo panali pamalo poopsa ndithu. Anachoka ndi chithunzi chimenecho m'mutu, ndipo chithunzi cha m'mutu sichikalamba.

Chifukwa chomwe sipanakule ndi nkhani ya msewu basi. Malo ngati amenewa sanayambe ngati msika, anayamba ngati ofesi. Dziko lija litakhala pansi pa Angerezi mu 1891, iwo ankafuna malo okhazikapo munthu wawo wotolera msonkho ndi kuweruza milandu, ndipo ankakonda pamtunda pozizira, popanda udzudzu wambiri ngati kunyanja. Msonkho womwewo ndi umene unathamangitsa azigogo athu ambiri kubwera kuno, ena wapansi, ena pa Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kuno, ena anapitirira ku migodi ya ku Joni pa Wenela, chifukwa kumudzi ndalama yolipirira msonkho inalibe pochokera. Ndekuti boma linkatulutsa anthu kuposa kuwakoka. Kenako msewu waukulu wa M1, wochoka ku Lilongwe kupita ku Kasungu ndi Mzuzu, unadutsa kumadzulo, pa Lumbadzi, Mponela ndi Madisi. Msewu wa ku Salima nawo unadutsa cha kummwera. Dowa boma inatsala pakati ngati mwana wogona pakati pa mabulangete awiri koma onse osamufunda. Msewu wolumikiza Lumbadzi, Dowa ndi Chezi unakhala wafumbi zaka zambirimbiri, andale akulonjeza tala chisankho chilichonse, unachita kuchedwa kwambiri kuti utheke.

Chinanso, likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, Dowa inapezeka ili pakhomo pa mzinda waukulu, makilomita ngati 50 okha. Ukanaganiza kuti zimenezo zithandiza, koma ayi, munthu wa ku Dowa akafuna ntchito, akafuna kugula katundu wooda, akafuna kugulitsa fodya ku okushoni ya ku Kanengo, amangolunjika ku Lilongwe, pa boma alibe nazo ntchito. Mtengo wawung'ono sukula bwino pansi pa mkuyu.

Koma usamve ngati pangoima chiimire. Kalembera wa 2008 anapeza anthu osakwana 5,000 pa boma, pofika 2018 anadutsa 7,000, nde pakukula, kungoti pakukula mwa kachetechete. Boma lonse m'zaka khumi zomwezo linachoka pa anthu pafupifupi 558,000 kufika pa 772,000 paja, pamene dziko lonse la Malawi linachoka pa 13 miliyoni kufika pa 17.5 miliyoni. Kalembera amachitika zaka khumi zilizonse, nde manambala amenewa akalamba pang'ono, ukafika December ukapeza anthu ochulukirapo.

Tsopano ndikupatse chipolopolo choti ukamuyankhe nacho mdala wa ku Dedza pa maliro ena. Mishoni yoyamba ya a Dutch Reformed m'dziko la Malawi, imene inabala sinodi ya Nkhoma ya CCAP, inayambira ku Mvera, m'boma la Dowa, mu 1889, m'dziko la mfumu ya Angoni Chiwere. Anaiyambitsa ndi abusa awiri, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok. Ku Nkhoma kumene kumatchuka lero kunabwera pambuyo, mu 1896. Pakati pake, mu 1894, anatsegula mishoni ya Kongwe kufupi ndi pa boma pomwepo, ndipo sekondale ya Robert Blake imene yaphunzitsa anthu ambiri otchuka ili komweko. Nde imva izi, Vlok yemwe uja wa ku Mvera ndi amene anabwera kuno ku Salisbury mu 1912 kudzatumikira anthu a ku Nyasaland omwe ankagwira ntchito kuno, ndipo mpingo umenewo ndi umene unakula n'kukhala sinodi ya Harare ya CCAP mu 1965. Ndekuti nyimbo za Chichewa zomwe timaimba Lamulungu ku Highfield ndi ku Mbare, ukazitsata mizu yake ukafika ku Dowa kwanuko. Mdala uja ngati amapemphera CCAP akupatse ulemu.

Za ulendo wa December, apa mvetsera bwino chifukwa ambiri obadwira kuno amalakwitsa pomwepa. Kwanu si pa boma. Agogo ako ankati ndine wa ku Dowa chifukwa ndi zomwe zinalembedwa pa chitupa, monga mmene munthu wa ku Murehwa amanenera kuti ndine wa ku Murehwa chonsecho mudzi wake uli kutali ndi pa senta. Ukangotsika pa boma n'kuyamba kufunsa kuti kodi mukuwadziwa a Phiri amene anapita ku Salisbury kalekale, anthu akakumvera chisoni basi, a Phiri otere alipo mazanamazana. Funafuna zinthu zitatu usananyamuke, dzina la mfumu yaikulu, dzina la mudzi kapena nyakwawa, ndi mfunda wa agogo. Mafumu akuluakulu a ku Dowa ndi monga Chiwere, Msakambewa, Dzoole, Kayembe, Chakhaza, Mkukula ndi Mponela, mwina ukawawerengera azakhali ako mayina amenewa limodzi liwakumbutsa kanthu. Yang'ana m'sutikesi yakale ya agogo, zitupa zakale zija zinkalembedwa mfumu ndi mudzi. Ine cha bambo anga ndinachipeza m'chitini cha mabisiketi pansi pa malisiti a lendi a khonsolo, chitapindika panayi, inki itafufuma koma dzina la mfumu likuwerengeka. Ukalephera pamenepo pita kwa akuluakulu a sosaite ya maliro imene agogo ankasonkhako, mabuku awo amasunga za kumudzi kwa munthu kuposa ife abale ake.

Ndipo ukafika usakafunse za abambo awo a agogo, kafunse za mayi awo ndi alongo awo. Kwa Achewa mudzi umayenda ndi mbumba, amene akakulandire ndi zidzukulu za alongo a agogo ako. Basi ukwere yodzera ku Nyamapanda ndi Tete n'kulowera pa chipata cha Dedza, ukafika ku Lilongwe minibasi za ku Dowa sizisowa. Pogulira shuga, sopo ndi chitenje cha agogo aakazi amene ukawapeze ndi ku Lilongwe komweko. December ndi dzinja, njira za kumidzi zimaterera, ana uwagulire nsapato zoti zikade.

FUNSO

Zikomo Malume chifukwa cha tsamba lanu, timawerenga pa gulupu yathu ya amayi. Ine ndi mayi wamasiye, ndimagulitsa za kaunjika ku Mabvuku, amuna anga anali a ku Dowa. Ndasunga kandalama pang'ono ndikufuna ndigule puloti kumudzi ndimange tinyumba ta lendi kuti ndikakalamba ndikapumire kumeneko. Alamu anga akuti nditumize ndalama andigulire pa Dowa boma poti ndi potchipa, koma mnzanga wa kutchalitchi akuti ndikapusa, ndigule pa Mponela. Kodi Mponela si pa sitolo chabe? Zitheka bwanji kuposa pa boma?

Mayi wa ku Mabvuku

YANKHO

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo. Mponela amene mukumudziwa inu ndi wakale. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 24,000 pa Mponela, kuchoka pa osakwana 14,000 mu 2008, ndekuti Mponela amalowamo Dowa boma katatu n'kutsalako. Mwana anakula kuposa bambo ake. Chifukwa chake ndi chija ndauza mphwanga pamwambapa, Mponela ali pa M1, basi iliyonse yopita ku Kasungu, Mzimba, Mzuzu mpaka ku Karonga imadutsa pamenepo, ndipo mozungulira monsemo ndi minda ya fodya, mtedza, soya ndi chimanga. Nyengo yokolola mavenda amadzaza ndi masikelo awo, mathiraki akupakira, ndalama imayenda. Pali mabanki, malo omwetsera mafuta, malo ogona alendo ambirimbiri, moti a m'maofesi ku Lilongwe amakonda kukachitira misonkhano yawo kumeneko, ena amati n'chifukwa cha mphepo yabwino, ena amati n'chifukwa cha alawansi, ine sindinanene kanthu.

Nde ngati nkhani ndi ya lendi yokha, mnzanuyo akunena zoona, wofuna nyumba ndi wambiri pa Mponela. Koma dziwani kuti malo akenso ndi odula chifukwa chomwecho, ndipo pamene pali ndalama akathyali amakhalanso pompo, puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo m'matauni okula msanga. Pa boma alendi anu angakhale aphunzitsi, anamwino, apolisi, anthu a malipiro a pamwezi, ochepa koma osavuta kwenikweni, ndipo ndi pa phee, ngati mukufunadi kokapuma. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndafunsa mtima kuti ndikufuna bizinesi kapena ndikufuna mpumulo, chifukwa kandalama ka kaunjika sikangagwire zonse ziwiri.

Koma chimene chandikhudza m'kalata yanu si Mponela ayi, ndi mawu oti nditumize ndalama andigulire. Mayi musatero. Sindikuwanena alamu anu, sindikuwadziwa, mwina ndi munthu woopa Mulungu. Koma ine ndemwe ndinatumizapo ndalama ya malata kwa m'bale wanga weniweni, zaka ziwiri akunditumizira zithunzi za nyumba ikukwera, tsiku lomwe ndinafika ndinapeza nyumbayo ndi ya aneba, yanga inali maziko omera udzu. Pitani nokha, kaoneni malowo ndi maso, kafunseni ku khonsolo ngati malowo ali m'manja mwa khonsolo kapena mwa mfumu, pepala lililonse likhale m'dzina lanu, mboni zikhalepo. Ndipo musanapite yambani mwakonza za unzika, chifukwa simunandiuze ngati muli ndi mapepala a Malawi kapena a Zimbabwe okha. Malamulo a malo kumudzi anawakhwimitsa kwa anthu omwe si nzika. Mwayi ulipo poti Malawi anasintha lamulo, tsopano amalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri, nde pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi konkuno ku Harare akakuuzeni zoyenera kubweretsa. Malo a kumudzi kwa amuna anu musawawerengere, pachikhalidwe chathu amenewo ndi a mbumba yawo, inu gulani anuanu.

FUNSO

Malume, mwana wanga waona pa Facebook kuti ku Dowa kuli ma Congo ambiri kuposa eni dziko. Zoona zimenezi? Afikako bwanji?

Bambo wa ku Dzivarasekwa

YANKHO

Achimwene, mwanayo waona za Dzaleka koma wazimva mopotoka. Dzaleka ndi kampu ya anthu othawa nkhondo kwawo, ili pa msewu womwe uja wochoka pa Lumbadzi kupita pa Dowa boma, kufupi ndithu ndi pa boma. Nthawi ya Kamuzu inali ndende ya andale, akuluakulu amati dzinalo likuchokera pa mawu a wandende oti ndidzaleka. Mu 1994 boma linasandutsa malowo kukhala kampu, anaikonzera anthu ngati 10,000 kapena kuposerapo pang'ono, koma pano muli oposa 50,000, ambiri a ku DRC, Burundi ndi Rwanda, enanso a ku Somalia ndi Ethiopia. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse omwe ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni abwerere ku kampu, nde kuthinana kunawonjezeka.

Kunena kuti aposa eni dziko m'boma lonse ndi bodza, 50,000 pa anthu oposa 772,000 ndi kachigawo kakang'ono. Koma mukayerekeza ndi pa boma penipeni mwanayo sanalakwe, kampuyo imaposa tauni ya DC kasanu ndi kawiri, imaposanso Mponela kawiri. Mukadutsa pamenepo mudzaona msika wodzaza kuposa wa pa boma, anthu akuyankhula Chiswahili, Chifalansa ndi Chichewa chosakaniza, chapati ikuotchedwa pambali pa mandasi, ndipo anthu a m'midzi yozungulira amakagulitsa ndiwo zamasamba ndi makala komweko. Kuyambira 2014 kumachitikanso chikondwerero cha zoimba chotchedwa Tumaini mkati mwa kampu momwemo, anthu amachoka ku Lilongwe kukaonera.

Mwanayo mumuuze kuti asamalembe zonyoza pansi pa mapositi amenewo. Agogo ake kuno anakhala zaka zingati ndi chitupa cholembedwa kuti mlendo, mpaka malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anatsegula njira ya unzika kwa ana obadwira kuno n'kuika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mumufunse ngati amakonda akamamutchula mubwidi mu kombi, dzina lija lonyozera ife ochokera ku Malawi.

Makalata ena awiri a za Ntchisi ndi Mchinji ndawalandira, ndiwayankha mwezi wamawa. Amene munafunsa za mankhwala a nsikidzi mwalakwitsa tsamba, tumizani kwa Anamwino tsamba lotsatira.